Chithunzi cha Amama Chili mu Fulopi

Lolemba

Loweruka tikuvundukula chiliza cha amama ku Magodi. Mmisiri wasiya kadzenje pamwala poti paikidwe chithunzi. Chithunzi cha amama chilipo chimodzi chokha padziko lonse, ndipo chili mu fulopi, kapulasitiki kaja ka makona anayi ka makompyuta akale. Anawajambula mlendo wina wodzakumba mjigo, kamera yake inkasungira momwemo. Amama sankafuna zojambulidwa. Tsikulo anangolola chifukwa chokondwera ndi madzi.

Fulopiyo akusunga adada. Mlongo wanga Tiwonge wauza kale abale onse kuti ine ndi katswiri, poti ndimaphunzitsa kompyuta kuno ku boma. Sindinatsutse.

Zofunika:
makina owerengera fulopi
kompyuta yokalamba yoti iwalandire
sipiliti ndi thonje
magetsi

Nkhope ya amama yayamba kundithawa m'maso. Izi sindiuza munthu.

Lachiwiri

M'chipinda chosungira katundu kusukulu, pansi pa madesiki othyoka, ndapeza makina angapo.

Ena mavu amangamo.
Ena akameza fulopi salavula.
Ena ali ndi fumbi lokha. Ndasankha amenewa.

Palinso makina a tepi, olemera ngati mwala wa mphero. Matepi ake anakawakunga kalekale kumunda wa sukulu kuti aziopseza mbalame. Zonse zimene aphunzitsi akale anasunga zinatha ndi mphepo pamwamba pa mpendadzuwa.

Lachitatu

Tsiku lotsuka. Thonje pa kamtengo ka machesi, sipiliti pang'ono, kupukuta timitu towerengera mosamala ngati diso la khanda. Ndayesa ndi fulopi ina ya kusukulu. Makina akutsokomola, akung'ung'udza, kenako atsegula mayeso a masamu akalekale. Zatheka!

Ndaimbira adada kuti atumize fulopi ya amama ndi wa njinga. Akana. Amama amawatchulabe ngati ali kukhitchini. "ANyaZimba sakwela njinga ya munthu wina. Nizabwela nao neka pa Chisanu."

Lachinayi

Magetsi athima m'mawa. Abwera masana, koma kompyuta yakana kudzuka. Ndagwedeza mawaya, ndaipempha, ndaimenya kumbali. Itadzuka ikunena kuti tili m'chaka chimene ndinali ku pulayimale. Sindikuikonza. Nthawi imeneyo amama anali moyo, ilekeni ikhale komweko.

Tiwonge wagula kale felemu. Wa kusitudiyo akuti chithunzi chifike mawa asanatseke. Azakhali atumiza mawu kuti chisindikizidwenso pa masikipa a adzukulu. Aliyense akuwerengera madzi a mphutsi, ndipo mphutsiyo ndine.

Lachisanu

Adada afika pa njinga yawo, atavala jekete la kutchalitchi. Fulopi ili mu mpango, m'thumba la pamtima. Ndaimasula. Ikunyezimira. Ikununkhira mafuta odzola.

"Nimawasamala," akutero adada.

Lamlungu lililonse amakankha kachitseko kachitsulo, n'kupukuta kambale ka mkati ndi nthenga ya nkhuku yoviika m'mafuta, kenako n'kuyang'ana padzuwa monga tinkachitira ndi negetivi ya zithunzi. Zaka zonsezi.

Kambale kameneko sikakhudzidwa ngakhale ndi nsonga ya chala. Mwana aliyense wa m'kalasi mwanga amadziwa. Adada palibe anawauza.

Ndaika fulopi m'makina. Akukuta, akukuta, kenako uthenga: mulibe kanthu, kodi tiyeretse? Ndayesanso. Ndayesanso. Tsopano mafuta apaka timitu tija, ngakhale mayeso a masamu sakutsegukanso.

Adada aima pakhomo, chipewa m'manja. "Aoneka?"

Ndati makinawa ndi okalamba.

"Mbwenu. Tonse takalamba."

Loweruka

Nsalu yavundukulidwa. Dzina lalembedwa bwino, kadzenje kali pululu. Tiwonge watsekapo ndi maluwa a pulasitiki, ndipo sakundiyang'ana. Felemu ili m'chikwama chake.

Azakhali andipeza kuseri kwa tenti. "Sukulu yonse ija, chithunzi chimozi chakukanga?"

Kufotokoza kukanakhala kulengeza pamaso pa mudzi kuti adada anafufuta akazi awo ndi manja awo omwe, pofuna kuwasamala. Bola andiyese mbuli ine. Azimayi a kwaya atayamba nyimbo ya amama ndalira, osati pang'ono. Ndikumva chisoni, ndikumvanso manyazi, sindikudziwa chachikulu n'chiti.

Lamlungu

Ndikadali ku Magodi. Fulopi ndabweza kwa eni ake. Makina aja ndikawabwezera kwa mavu, mwina iwo ali nawo ntchito.

Titachoka kutchalitchi adada akhala pakhonde, botolo la mafuta pambali. Akankha kachitseko, aloza kudzuwa, atsinzina diso limodzi.

"Bwela uone. Avala duku yao ya gilini."

Ndayang'ana. Kambale kakuda, mafuta, mizere ya nthenga. Koma duku ija ndaikumbukira, ndi mmene ankaimangira mfundo pamwamba pa khutu, ndi mpata wa m'mano akamaseka.

Ndati ndikuwaona.

Adada andipatsa nthenga kuti ndipukute mbali inayo. Ndapukuta.