Komiti Yoona za Kudontha kwa Kathirakitala

M'mudzi wina wa kuseri kwa phiri, umene dzina lake tilisunga pofuna kulemekeza anthu amene akadali moyo ndipo amadziwa kuwerenga, munafika kathirakitala katsopano m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kanali kakang'ono, kobiriwira, mpando wake ukadali m'pulasitiki. Kanali mphatso yochokera ku bungwe lina la mumzinda kupita ku kalabu ya alimi ya m'mudzimo, ya anthu makumi atatu. Pa mwambo wolandira panali zolankhula zisanu ndi ziwiri, magule awiri, ndi mbuzi imodzi imene inapereka moyo wake chifukwa cha chitukuko.

Pa onse amene anaomba m'manja tsikulo, wokondwa zenizeni anali Lufeyo Kamtedza, wokonza njinga wa pansi pa mtengo wa mango. Atachita mayere oti apeze munda woyamba kulimidwa, kapepala ka nambala wani kanagwera iye. Munda wakewo unali wa makande, maekala awiri, dothi loti khasu likamenya limabwerera kwa mwini wake. Chaka chapitacho anaulima mochedwa, ndipo banja lake linadya madeya kuyambira Januwale mpaka chimanga chitacha. Manyazi a chaka chimenecho anali asanamuchoke.

"Mayi a Tiyese," anatero kwa mkazi wake, Nasibeko, atafika kunyumba, "chaka chino msana wanu upume. Wotilimira ndi dizilo."

"Ndamva, bambo," anatero Nasibeko, osasiya kupeta. "Dizilo wakeyo ndidzamuthokoza akadzamaliza."

Kutacha, pansi pa kathirakitala panapezeka banga lofiira lalikulu ngati mbale. Dalaivala analiza injini n'kukoka chogwirira kuti pulawo inyamuke. Pulawo inadzuka pang'ono, inanjenjemera, kenaka n'kugwa pansi ngati munthu amene wakumbukira kuti lero ndi Lamulungu. Zofiirazo anali mafuta a hayidiroliki, amene amapatsa kathirakitala mphamvu yonyamula ndi kutsitsa pulawo. Akamatayika, kathirakitala kamangolira n'kumayenda, koma kulima ayi.

Lufeyo anagwada n'kusuzumira kunsi. Pamene payipi ya labala imakumana ndi chitsulo panali nati yonyowa, yoti n'chala chomwe imagwedera. N'kutheka kuti inamasuka pa lole, poti msewu wa kumudziko umamasula ngakhale mano.

"Nkhani yake ndi nati iyi," anatero akudzisasa fumbi m'mawondo. "Ndikatenge sipanala. Kuzungulitsa kamodzi, basi."

Apa m'pamene anatsokomola Wapampando wa kalabu, a Bizaliele Chadzunda. Mkuluyu anagwira umesenjala ku ofesi kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ponyamula mafayilo anaphunzira nzeru imodzi yaikulu: nkhani yothetsedwa tsiku lomwe yayamba imachotsa ulemu wa ofesi.

"A Kamtedza," anatero mofatsa, "ichi si njinga ya kapalasa. Ichi ndi chuma cha anthu. Pepala lokhudzira thirakitala muli nalo?"

Lufeyo analibe ngakhale la njinga. Mayi wina anati aimbire foni eni bungwe, poti nambala inalembedwa pachikuto cha kabuku kamene kanabwera ndi kathirakitala. A Chadzunda anagwira pachifuwa. Anati mlendo akakupatsa nkhuku, suthamangira pamsewu kukamuuza kuti ili ndi chitopa. Ndiponso akabungwewo akamva kuti mudzi wayamba kudandaula tsiku lachiwiri lomweli, ngolo ya kathirakitala imene analonjezanso ipita kutsidya kwa mtsinje, kwa anthu osadziwa n'komwe kuyamika. Onse anavomereza, pakuti panalibe wofuna kuti a kutsidya aseke.

"Mutu umodzi susenza denga," anamaliza motero Wapampando. Ndipo madzulo asanafike panabadwa Komiti Yapadera Yofufuza Gwero, Kukula ndi Tsogolo la Kudontha.

Chigamulo chake choyamba chinali chanzeru ndithu: kutchera beseni pansi pa kathirakitala. Koma beseni silingakhale lamasiye, choncho anasankha Msungi Wamkulu wa Beseni. Poti msungi naye ndi munthu, amapita kuthengo, anamupatsa Wachiwiri. Nkhuku zitayamba kusuzumira m'beseni, panafunika Mkulu wa Chitetezo, amene anapatsidwa ndodo. Panali Wowerenga Madontho, amene ankapereka lipoti m'mawa uliwonse kuti dontho likugwa pakadutsa kupuma kasanu ndi kawiri. Ndiye poti anthu amapuma mosiyana, panasankhidwanso Wopuma Wovomerezeka. Mwini beseni, amene anangobwera kudzafunsa kuti achapira muti, anabwerera kwawo ali Mlangizi wa za Ziwiya.

Komiti inkakumana m'kalasi ya sukulu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo zinaoneka kuti minda ya atsogoleri odziperekawa ikugona. Tsono anakhazikitsa lamulo loti, kufikira vutoli litatha, mamembala wamba azilima minda ya a komiti ndi makasu, motsata ukulu wa maudindo. Wokana afufutidwe m'kalabu pamodzi ndi nambala yake ya mayere.

Chitulukireni lamulolo, m'mudzimo munabuka luso losaneneka. Wina anazindikira kuti madontho amapendekera kumene kukupita mphepo, ndipo anakhala Katswiri wa za Mphepo. Wina analota kathirakitala kakulankhula. Wina ananunkhiza mafutawo n'kunena kuti akuchokera kutali. Aliyense wa iwo analandiridwa ndi m'manja, napatsidwa mpando ndi banzi.

Lufeyo sanapite kokalima minda ya eni. Anati msana wake unalumbira. Ankangokhala pansi pa mango, kumata machubu n'kumatukwana komiti kwa aliyense wobwera ndi njinga yophwa.

"Anthu akuluakulu ndevu pepeya, kulondera beseni! Nati imodzi! Ine n'tangoikhudza, mawa lomwe tikulima!"

Amene ankapita ndi khasu m'malo mwa banja lonse anali Nasibeko, kuti nambala wani ija isafufutidwe. Ankabwerako ali mbuu ndi fumbi, osanena zambiri, ndipo mwamuna wake, poti anali wotanganidwa ndi kunena zoona, sankafunsa.

Novembala analowa. Chizimalupsa chinagwa n'kupita, mitambo inayamba kusonkhana kuphiri masana aliwonse. Lufeyo akadutsa pamunda pake, pouma gwa, mtima unkamuthawa. Anachita mantha enieni, mantha a munthu amene anaonapo ana ake akunyambita mbale yopanda kanthu.

Lachisanu lina masana, komiti ili pakati pa kudya mpunga, Lufeyo anatenga sipanala yake n'kupita kumene kunali kathirakitala. Mkulu wa Chitetezo anali atasiya ndodo pampando kuti ilondere m'malo mwake. Lufeyo anagona chagada, anakola nati, anazungulitsa kamodzi ndi theka. Anapukuta ndi kansanza n'kudikira. Palibe chinadontha. Anatenga mafuta a m'beseni ndi ena amene komiti inkasunga m'zigubu ngati umboni, anawasefa ndi nsalu yoyera n'kuwabwezera m'thanki yake. Dalaivala, amene anali atatopa ndi kupukuta galasi mwezi wathunthu, analiza injini mosanyinyirika. Pulawo inanyamuka bwinobwino, inatsika, ndipo pofuna kuyesa, anang'amba mzere umodzi wautali pabwalo la mpira.

A komiti anatuluka m'kalasi masupuni ali m'manja. Anayang'ana mzerewo, dothi lofiira litatembenuka mokongola. Panalibe nthungululu. Msungi Wamkulu wa Beseni anayang'ana beseni lake louma, misozi ili lengelenge.

Lufeyo ankayembekezera chimodzi mwa ziwiri, kuthokozedwa kapena kuzengedwa mlandu. A Chadzunda sanachite chilichonse cha izi. Anamuitanira m'kalasi, anamukokera mpando wa aphunzitsi, namutsekulira botolo la chakumwa ndi dzanja lawo.

"A Kamtedza, muli ndi mutu. Ndakhala ndikunena. Koma taganizani: mwathetsa vuto lipoti lisanatuluke. Tsopano lipotilo linena chiyani? Anthu onsewa, amene ana awo ayamba kale kuwatchula maudindo, abwerere kunyumba ngati ndani?"

"Koma Wapampando, mvula ili pakhomo. Munda wanga ndi nambala wani."

"Mayere aja anachitika komiti isanabadwe. Kathirakitala kakachira, tiyenera kuwaunikanso, ndipo kuunika sikuthamangiridwa." Anaweramira pafupi. "Koma pali mpando umene wakhala ukusowa mwini: Mlangizi Wamkulu wa za Nati ndi Zomangira Zonse. Munda wa munthu wa komiti, mukudziwa, salima yekha. Chitsulo chimawonongeka, a Mlangizi. Anthu wamba sawonongeka."

Chibadwire, Lufeyo anali asanatchedwepo Mlangizi. Ankangomva "Lufeyo, pompa!" kapena "Lufeyo, tcheni chaduka!" Mawu atsopanowa anamulowa ngati tiyi wamkaka. M'maganizo anaona chigulu cha anthu chitandanda m'munda mwake, makasu akung'anima, iye ataima pachulu manja kumbuyo. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma panthawiyo Lufeyo sankakumbukira mwambi uliwonse.

"Ntchito yake ndi yotani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Yoyamba ndi yaing'ono. Kubwezeretsa nati mmene munaipezera, kuti kafukufuku apitirire pamene analekezera."

Mwambo wobwezeretsa unachitika Loweruka, ndi pemphero lotsekulira. Lufeyo anabwera atavala jekete lobwereka kwa mlamu wake, anagona chagada pa mkeka umene anamuyalira, ndipo pofuna kuonetsa kuti udindo sunagwere pa waulesi, anazungulitsa nati katatu m'malo mwa kamodzi ndi theka. Payipi inafwamphuka. Mafuta anathovoka, kulumpha beseni, n'kumwedwa onse ndi mchenga. Wowerenga Madontho anataya chiwerengero, koma anthu anaomba m'manja kwa nthawi yaitali, poti vuto linali litakula kufika pa msinkhu woyenera komiti yotere. Sipanala inalengezedwa kukhala chida cha kalabu, inatsekeredwa m'bokosi, ndipo kiyi anapatsidwa Msungi wa Kiyi, amene tsiku lomwelo ananyamuka ulendo wokaona odwala kutali.

Lolemba m'mamawa Lufeyo anakaima pachulu cha m'munda mwake, jekete lili pathupi, kudikira olima. Kuphiri kunali bii, mphepo ikununkha dothi lonyowa. Anadikira mpaka mthunzi wa chulu unafupika. Kenaka m'kanjira munatulukira munthu mmodzi yekha, Nasibeko, atavala chitenje chake cha ku ukwati ndi nsapato, m'manja muli kope ndi cholembera.

"Mayi a Tiyese, anthu aja ali kuti?"

"Anthu ati, a Mlangizi?"

"Olima! Mamembala wamba!"

Nasibeko anaima n'kumuyang'ana ndi chisoni chenicheni, chosakaniza ndi kachimwemwe kamene sanavutike kukabisa.

"Mukanafunsa tsiku limodzi lokha, bwenzi nditakuuzani. Tinayamba tilipo makumi awiri. Sabata yathayi wamba tinatsala awiri, ine ndi inu, ndipo wogwira khasu ndinali ndekha. Inu mwalowa Loweruka. Ine andisankha dzulo potuluka m'tchalitchi."

"Akusankhani chiyani?"

"Mkulu Woyang'anira Mamembala Wamba."

Lufeyo anatsika pachulu. Anayang'ana maekala ake awiri, osakhudzidwa ndi khasu ngakhale pangodya.

"Nanga tsopano alime ndani?"

Nasibeko anatsekula kope lake n'kuyendetsa chala pamzere.

"Funso limenelo lili pa ajenda ya Lachinayi, ikatha nkhani ya mayunifolomu."

Dontho loyamba linagwera pa kopepo. Lachiwiri linamenya Lufeyo pamphumi, ndipo kuphiri kunagunda. Nasibeko anabisa kope m'chitenje n'kuyamba kuyenda chakusukulu.

"Fulumirani, a Mlangizi," anatero osacheuka. "Ochedwa ku msonkhano sapatsidwa banzi."