Kalabala Kabulawuni ka a Mkwapatira

Mwambi umene muumve lerowu, inu achinyamata amene mwangoyamba kugwira sipanala, akuti unayamba motere.

Kumapiri a ku Ntchisi kunali kopaletivi ya alimi a njuchi. Alimi ankabwera ndi malesa a uchi m'zidebe, ndipo pafakitale yawo yaing'ono ankafinya uchi n'kuuthira m'mabotolo. Phula lotsala ankalisungunula n'kulisakaniza ndi mafuta kuti apange polishi ndi makandulo. Makina onse apamenepo anali m'manja mwa munthu mmodzi, a Layitoni Mkwapatira.

Luso la bamboyu silifuna kukokomeza. Boyila yopangira nthunzi anaitola itatayidwa pafakitale ina yamkaka imene inatsekedwa, n'kuiukitsa. Thanki anaiwotcherera okha, mapaipi anayala okha. Pampu ikayamba kudwala ankaimva ali panja, asanatsike n'komwe panjinga. Chilema chawo chinali chimodzi basi: funso linkawawawa pakamwa ngati tsabola. Akasochera m'tauni ankalolera kuuzungulira msika mpaka miyendo kuwawa kusiyana n'kuimitsa munthu kuti awalozere njira.

"Makina amandiuza okha," ankatero. "Ndikafunsenso munthu chiyani?"

Wapampando wa kopaletiviyo anali Mayi Nachisale, msuweni wawo, choncho ndi okhawo amene ankatha kuwanyoza pamaso popanda mlandu.

Tsono pamene zitsulo ziwiri zakumana, kaya zisalale bwanji, pamatsala kampata. Pamenepo amaikapo kalabala kozungulira ngati mphete, kamene amakaniko amati oring'i. Kamaoneka kachabechabe, koma ndi kamene kamaletsa zamkati kutuluka. Pampu yokoka phula lotentha inali ndi kalabala kakuda, ndipo kankavuta. Akaika katsopano, posakhalitsa kankafufuma ngati chitumbuwa, phula n'kuyamba kuchucha pansi.

"Asuweni," anatero Mayi Nachisale tsiku lina, "pansi pano tikupaka polishi tsiku ndi tsiku osafuna. Dzulo mlembi wathu anaterereka kuchokera pathanki mpaka pakhomo, anthu n'kumuombera m'manja. Kodi makina anuwo pankhani iyi akuti chiyani?"

"Akuganiza kaye."

"Auzeni afulumire, tisanathyoke chiuno."

A Mkwapatira anakwera basi ya ku Lilongwe, nakalowa m'sitolo ya a Mussa, mkulu wina wogulitsa zipangizo za makina amene anali ndi chizolowezi chofunsa kasitomala ngati dokotala. Anaponya kalabala kofufuma kaja pakauntala.

"Ndikufuna ngati aka, koma kosachita mantha."

A Mussa anakatembenuza, n'kukafinya. "Kamakhudzana ndi chiyani, achimwene?"

"Phula ndi mafuta."

"Kutentha kwake?"

"Koti chala simungaviike."

A Mussa anatsegula kabati n'kutulutsa kalabala kabulawuni. Kukula kwake kunali komweko, koma m'manja kankalemererako. "Uyu ndi labala wa fulorokaboni, amene anzanu amangoti vayitoni. Mafuta samufufumitsa, dizilo samudya, ndipo kutentha kumene labala wamba amauma nako n'kusweka, iyeyu amangokhala phee. Mtengo wake ndi wowawa, koma pampu yanu igona tulo."

Zinalidi choncho. Miyezi inadutsa pampu osadontha. A Mkwapatira atamasula kuti aone, anapeza kalabala kali momwe anakaikira, kosatupa, kosang'aluka. Anakayang'ana nthawi yaitali. Iwo anali munthu wolemekeza chinthu chogwira ntchito yake mosadandaula, ndipo kunena zoona, kalabalako kanayenera ulemuwo.

Nthawi yomweyo kunabwera nkhani yaikulu. Mayi Thindwa, amene ankagulira katundu masitolo angapo a m'tauni, analonjeza kuti nyengo yokolola adzabwera kudzalawa uchi wa kopaletiviyo. Akadzaukonda azidzatenga wonse chaka ndi chaka, akadzapanda kuukonda adzapita kwa alimi a boma lina. Kwa anthu amene ankagulitsa uchi wawo m'mbali mwa msewu, botolo limodzilimodzi, umenewu unali mwayi wosabwera kawiri.

A Mkwapatira anatsimikiza mumtima kuti mlendoyo asadzapeze dontho ngakhale limodzi pafakitale yawo. Anabwereranso kwa a Mussa n'kuitanitsa timalabala tabulawuni ta misinkhu yonse.

"Tonseti mukaika pati, achimwene?"

"Pamene pakufunika."

"Eya, koma muzidutsa chiyani? Chifukwa labala aliyense ali ndi—"

"A Mussa, ulendo watha munandifunsa, ndinakuyankhani. Lero ndabwera kudzagula, sindinabwere kusikelo ya ana."

"Nanga inuyo mulibe choti mundifunse?"

"Chilipo. Basi ya ku Ntchisi ikundisiya, mumanga kapena simumanga?"

A Mussa anamanga katunduyo akupukusa mutu.

Atafika, a Mkwapatira anayamba kumasula fakitale yonse, cholumikizira chimodzichimodzi, kuchotsa timalabala takuda n'kuika tabulawuni. Anafika pa vavu ya nthunzi. Vavu imeneyi ntchito yake inali iyi: uchi wofinyidwa kumene umakhala ndi tizidutswa ta phula, ndiye amaufunditsa pang'ono chabe, ngati mkaka wa mwana, kuti uyende bwino mu sefa tizidutswato n'kutsalira. Nthunzi yochokera kuboyila ndiyo inkafunditsa thanki, ndipo ikafunda mokwanira ankatseka vavuyo. Kalabala kakuda kapamenepo kanali kasanavutepo chikhalire. A Mkwapatira anakayang'ana, sanakapeze chifukwa, komabe anakataya.

"Wagwira ntchito, mnzanga," anatero. "Koma kwabwera akuluakulu."

Nyengo yokolola itakwana, alimi anatsika m'mapiri ndi zidebe, nkhope zitatupa ndi mbola. Boyila inkayaka kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Masabata oyamba zonse zinayenda bwino. Kenako, akukonza uchi womwe unali woti udzaonetsedwe kwa mlendo, mayi wina wothira m'mabotolo anakuwa.

"A Mkwapatira, thankiyi ikuwotcha! Onani geji."

Muvi wa geji yoonetsa kutentha unali utakwera kwambiri. A Mkwapatira anagwira vavu, anapeza ndi yotseka. Anaikhwimitsanso. Muvi unapitiriza kukwera. Anaganiza motere: vavu ndi yotseka, mkati mwake muli labala woposa onse, ndiye kuti nthunzi singadutse. Wabodza ndi geji. Anaigogoda ndi sipanala, kenako anaitembenuza kuti iyang'ane kukhoma.

"Yakalamba," anatero. "Pitirizani."

Tsiku limenelo uchi unadutsa mu sefa ngati madzi, ndipo sefayo inatuluka yoyera. Mayi Nachisale anaitukula n'kuiyang'anitsa kudzuwa.

"Asuweni, masiku onse muno mumadzaza phula. Lero lapita kuti?"

"Njuchi za chaka chino n'zaukhondo."

"Zinayamba liti kusamba?"

"Inu ntchito yanu ndi misonkhano, asuweni. Zitsulo tisiyireni."

Mabotolo anatsekedwa akadali otentha, n'kulongedzedwa m'makatoni. Palibe amene anawatsegulanso.

Tsiku la mlendo, alimi anadzaza pabwalo la fakitale atavala zakutchalitchi. Mkati munayalidwa tebulo, pamene panakhala Mayi Thindwa, Mayi Nachisale ndi a Mkwapatira. Mwa mwambo, wopereka chakudya kwa mlendo amayamba walawa yekha, ndipo ulemu umenewu anaupereka kwa mwini makina.

A Mkwapatira anatsegula botolo n'kupisa supuni. Supuni inagunda cholimba.

Anasuzumira. Pakhosi pa botolo panali chiphula chachikasu, chokhuthala ngati chala, chitatseka uchi wonse. Pomwepo anazindikira kuti geji ija sinaname: thanki inatentha mpaka phula linasungunuka, n'kudutsa mu sefa pamodzi ndi uchi, ndipo mabotolo atazizira linayandama n'kuuma. Anayang'ana pawindo, naona alimi aja atakhala chete padzuwa. Anazunguliza supuni mwaluso, anatukula chiphula chonsecho n'kuchiponya m'kamwa, kenako anapereka botolo kwa mlendo ndi manja awiri.

Mayi Thindwa analawa. "Tatsegulani lina, la m'katoni iyo."

Linanso linali chimodzimodzi. A Mkwapatira analawiranso mlendo.

Amene sanatafunepo phula adziwe kuti silisungunuka m'kamwa. Ukalitafuna limangosintha maonekedwe, n'kumamatira kumano ndi kunkhama. Pofika botolo lachitatu, masaya a a Mkwapatira anali atatupa ngati a nyani wakuba chimanga.

"Bambo," anatero Mayi Thindwa mwaulemu, "uchi wanu mumaufunditsa kufika pati?"

"Mmm," anayankha a Mkwapatira.

"Pepani, sindinamve."

Panalibe kuchitira mwina. Anatseka maso n'kumeza. Chiphulacho chinatsika pang'onopang'ono ngati galimoto ya fodya pamlatho wamitengo, misozi n'kulengeza.

"Pang'ono chabe, mayi."

"Chabwino. Tatsegulani la pansi penipeni."

Anthu ena pofotokoza nkhaniyi amati bamboyu anadya phula lodzaza chidebe. Limenelo ndi bodza, ndipo limachepetsa munthu. Mabotolo ake sanapose zala za dzanja limodzi, koma aliyense amene anayesapo kumeza ngakhale kachidutswa angavomereze kuti pamenepo panafunika mtima.

Mayi Nachisale anali ataona kale zonse. Anawagwira dzanja supuni ili m'mwamba.

"Asuweni, basi. Mukatifera pano tidzakuikani chingwe pamutu, tikuyatseni ngati kandulo."

Mayi Thindwa anaseka mpaka kugwira tebulo. "Ine ndinakulira pa ming'oma ya bambo anga. Ndinaona pabotolo loyamba lomwe, ndipo uchiwu ukumveka kuti unapsa. Ndimangofuna ndione kuti bambowa afika pati." Kenako nkhope inasintha. "Uwu sinditenga. Ndiuzeni chimene chinachitika, ndipo mundiuze zoona. Ngati simukuchidziwa, ndiye kuti chidzachitikanso, ndipo ine sindingabwerenso."

A Mkwapatira ankadziwa kuti nthunzi inadutsa pa vavu yotseka, koma chifukwa chake sankachidziwa. Anatchera khutu kumakina awo, makina osanena kanthu. Kunja mwana wa mlimi wina ankalira, mayi ake akumutonthoza.

A Mkwapatira analavulira phula lotsala m'kampango, anatulutsa foni, naimba mokweza kuti onse amve.

"A Mussa, ndine Mkwapatira wa ku Ntchisi. Ndili ndi... ndimati ndifunse."

"Mwati chiyani, achimwene? Mawu anu akumveka ngati muli ndi chinanazi m'kamwa."

"Ndati ndifunse! Kodi labala wabulawuni uja amagwirizana ndi nthunzi?"

"Mayo ine! Mwamuika pa nthunzi? Mtundu umene ndinakupatsaniwo ndi mfumu pa mafuta ndi pa moto wouma, koma nthunzi imamuumitsa mpaka kung'aluka. Pamenepo pamafuna labala wina wakuda wopangidwira nthunzi ndi madzi otentha, yemwe naye mukamuika pa mafuta amafufuma. Panali wotani poyamba?"

"Wakuda."

"Ankavuta?"

"Ayi."

"Ndiye munamuchotseranji?"

"Ndinkafuna fakitale ivale bwino pobwera alendo."

Atatero sanalekenso. Anafunsa za vavu iliyonse ndi paipi iliyonse, kuti muno mumadutsa chakuti, kutentha kwake n'kwakuti, ndiikemo chiyani. Mafunso ake anali a munthu wodziwa makina ake mpaka kumtima, moti a Mussa penapake ankayamba aganiza asanayankhe. Mayi Thindwa anamvetsera mpaka foni itatha.

"Malesa osafinya akadalipo?" anafunsa.

"Alipo ambiri, mayi," anayankha Mayi Nachisale. "Enanso akadali m'phiri."

"Konzani vavu yanuyo. Mwezi wamawa ndibweranso, ndipo botolo ndidzatsegula ndekha."

Anabweradi, ndipo uchi anautenga. Anthu ena ophunzira amati mwambi wathuwu ndi wakale kuposa boyila ndi mavavu, ndipo mwina akunena zoona. Koma a ku Ntchisi amaumirira kuti unabadwa masana a tsiku loyamba lija, galimoto ya mlendo itangotuluka pachipata. Alimi anathamangira pakhomo, onse pakamodzi: "Zayenda bwanji, amayi? Walawa? Wati chiyani?"

Mayi Nachisale anayang'ana msuweni wawo, amene anali atakhala pachidebe akutokosa m'mano ndi kawaya, dzanja lina lili pamimba.

"Mlendo walawa pang'ono, abweranso," anatero. "Amene wakhuta ndi uyu."

Ndipo mpaka lero, munthu akamakana kufunsa poganiza kuti chabwino pamalo amodzi n'chabwino paliponse, akulu amangomuyang'ana n'kunena kuti: safunsa anadya phula.