Mpendero wa Chitenje cha Mayi Nasibeko

Usiku wathawu, anzanga, ndinalota ndaitanidwa ku Ulaya kukadula nsalu. Siyani kaye bawoyo, a Wadisoni, mundimvere, chifukwa malotowa akukhudza msonkhano wa lero.

Mukudziwa kuti nthawi ya 10 koloko komiti ya msika ikumana, ndipo ine monga mlembi ndiyenera kulemba kalata yopereka kwa a Matchaya, eni sitolo ya zitsulo, kamalo ka kumsewu kamene Mayi Nasibeko amaikapo tebulo lawo la zitumbuwa. A Matchaya anatenga kale pansi pa mtengo wa mango pamene pankakhala wosoka nsapato uja. Kenako anatenga kanjira ka kumpopi. Nthawi zonse ankati, "Kano n'komaliza," ndipo ife tinkavomera poopa chipwirikiti. Mayi Nasibeko sitinawaitane ku msonkhanowu. A Tcheya, a Kapalamula, anati akabwera adzangolira, nkhani italike.

Tsono dzulo masana ndinagula zitumbuwa ziwiri kwa mayi omwewo. Anandikulungira m'pepala long'ambidwa m'kope la mwana wasukulu, ndipo ine sinditaya pepala ndisanaliwerenge. Linkanena za nthawi ya pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija. Linkati m'chaka cha 1938 atsogoleri a maiko amphamvu anagwirizana kupereka chigawo cha dziko laling'ono kwa mtsogoleri waukali kuti nkhondo isabuke, eni ake dzikolo asali m'chipindamo. Mzere womaliza unkati, "Chaka chotsatira," basi, pepala n'kuthera pomwepo, pa dontho la mafuta.

Ndiye ndinalota ndakhala pa makina anga osokera pakhonde pompano, ndikupalasa monga mwa masiku onse, koma m'malo mwakuti nsalu iyende, ankayenda ndi makinawo. Anatsika khonde, anadutsa pachigayo, analowa m'njanji, ndipo njanjiyo inali zipi yaitali imene inkatseguka kutsogolo kwanga ndi kutsekeka kumbuyo. Tinawoloka madzi ambiri osanyowa. Mwadzidzidzi kunazizira, kumwamba kunayamba kugwa timagawo ta thonje, ndipo makina anaima okha pakhomo pa nyumba yaikulu ya miyala.

Pa masitepe panali patakhala Mayi Nasibeko, beseni la zitumbuwa lili pamiyendo. Chitenje chawo chinali chitasintha, moti chotere sindinachionepo chiyambire utelala wanga. Munkayenda mitsinje yeniyeni. Sitima yapamtunda yaing'ono ngati nyerere inkakwera kuchokera pabondo kupita m'chiuno, ikutulutsa utsi. M'munsi monse, mu mpendero, munali mapiri, ndipo pa mapiriwo panali tiasilikali tikuwotha moto.

"Mayi, mukutani kuno?" ndinafunsa.

"Kuno ine ndine dziko, a telala. Akukambirana za ine mkatimo."

"Nanga bwanji osalowa?"

"Akuti mipando yatha."

Ndiye chitseko chinatsokomola, n'kunena mwaulemu kwambiri, "Muno mumalowa okhawo amene sataya kanthu lero. Inu, bambo, mutaya chiyani?"

"Ine ndangobwera kudzagwira ntchito," ndinayankha.

"Onse amatero," chinatero chitseko, n'kutseguka.

Mkatimo munali chipinda chachitali moti kumapeto kwake kunali kutayamba kale kugwa mvula. Mipando yopanda anthu inali makumimakumi, ndipo inkanong'onezana kuti, "Ife tatha, ife tatha," ikuseka chamumtima. Nditayang'ana pansi ndinaona kuti nsonga ya chitenje cha Mayi Nasibeko yakokedwa kudzera kunsi kwa chitseko, yadutsa pansi ponse, yakwera pa tebulo, ndipo yapanikizidwa ndi makapu a tiyi. Mwini wake kunja, nsalu yake mkati.

Pa tebulopo panali mabwana atatu a maiko akuluakulu, ovala masuti akuda. Koma nditawayang'anitsitsa ndinawadziwa. Woyamba anali a Kapalamula, atagwira ambulera ngakhale tinali m'nyumba. Wachiwiri anali wachiwiri wawo, a Jumbe. Wachitatu anali a Matchaya, pachifuwa atapachika maloko, mabawuti ndi mahinjesi ngati mamendulo, moti akapuma zinkalira ngwere ngwere.

Tebulo linandikodola ndi mwendo. "Samalani pamene mukuika sizasi," linatero. "Chaka chatha anadulira pa ine pomwe. Onani zipserazi."

Ndiye a Matchaya anamenya tebulolo ndi chibakera, ndipo mwadzidzidzi khosi lawo linayamba kutalika. Linatuluka m'kolala, linazungulira nyali, manja analowa m'thupi, suti inagwa pansi yopanda munthu, ndipo pamalo pawo panali nsato yaikulu, maloko aja akadali lende pakhosi.

"Taonani mmene ndikupanikizikira," inatero nsato ndi mawu achisoni. "Mchira wanga ulibe pogona."

Ine ndinalimba mtima. "Pepani, bwana, koma chaka chatha munali wamfupi."

"Ndinadya. Ndikadya ndimatalika, ndikatalika malo amachepa. Kodi mlandu ndi wanga pamenepo?"

"Mfundo yomveka," anatero a Jumbe. Pamene ankanena zimenezi maso awo anayamba kuyang'ana kosiyana, lina kwa nsato, lina kukhomo, ndipo anasanduka bilimankhwe. Ankatenga mtundu wa aliyense amene walankhula komaliza. Nsato ikalankhula ankachita mawangamawanga, ine ndikatsokomola ankafanana ndi malaya angawa.

A Kapalamula anatsegula ambulera yawo, ambulerayo inauma n'kukhala chigoba, iwo n'kulowamo. Anali kamba tsopano. Mawu awo ankachokera mkati, ngati munthu wolankhulira mumtsuko.

"A mlembi, musakulitse nkhani. Mnzathuyu sakufuna chitenje chonse. Akufuna mpendero wokha, kansalu kopindika ka m'munsi. Ndani amayang'ana mpendero?"

"Koma a Tcheya, eni ake ali panjapa. Tiwafunse."

Kambayo anatulutsa mutu pang'onopang'ono. Maso ake anali onyowa. "Bwerani muone pamsana panga," anatero. Ndinayandikira, ndipo pa chigobacho panali maina olembedwa ting'onoting'ono, ambirimbiri, opanda mpata woikapo chala. "Awa ndi ana amene ndinaika m'manda pa nkhondo yapita ija. Malo olemba ena atha. Mukufuna ndiyambe kulemba pamimba chifukwa cha kansalu?"

Anzanga, ndikuuzeni zoona, ndinawamvera chisoni. Sanali munthu woipa. Anali munthu wotopa ndi maliro.

Ndiye ndinatulutsa zida zanga. Tepi yoyezera inadzitambasula yokha pa nsaluyo, n'kunena, "Ine ndimayeza nsalu. Njala ya nsato sindiyeza, manambala anga ndi ochepa." Choko chinajambula mzere pamwamba pa mapiri aja chikulira ngati mwana wa mphaka. Tiasilikali tija tinaimirira, tikuyang'ana mzere woyerawo ukudutsa kumbuyo kwawo.

Sizasi inandiluma chala pang'ono. "Bwana," inanong'ona, "inu ndi ine tagwira ntchito limodzi zaka makumi awiri. Awa sadziwa, koma ife tikudziwa chimene chimachitika nsalu ikachotsedwa mpendero."

Ndinkadziwadi. Telala aliyense amadziwa. Mpendero ndi umene umagwira nsalu. Ukauchotsa, ulusi umayamba kusololoka wokha, umodziumodzi, mpaka utsale ndi chiguduli. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwafotokozere bwinobwino, koma m'malo mwa mawu munatuluka mabatani. Anagwa pa tebulo, ena oyera, ena akuda, ndipo bilimankhwe anawatola ndi lilime n'kunena, "Tamva maganizo a mlembi. Akugwirizana nafe."

Onse anandiyang'ana. Mvula ya kumapeto kwa chipinda ija inali itayandikira. Ndinaganiza kuti ine ndine mlembi chabe, wodula chabe, ogamula ndi ena. Ndiye ndinadula.

Sizasi sinalankhulenso. Mapiri anagwera m'mbale ya tiyi, tiasilikali tinanyamula timabulangete tawo n'kumayenda chammbuyo. Nsato inameza mpenderowo kuyambira kumapeto mpaka kumapeto, inatseka maso, n'kunena, "Kano n'komaliza. Lembani."

Kamba anapempha pepala, ndipo pepala limene linabwera linali lija la mafuta, likununkhira nthochi. Onse anadindapo, nsato ndi mchira, bilimankhwe ndi lilime. Mwadzidzidzi makoma anatseguka ngati makatani, ndipo panali anthu miyandamiyanda akuvina, amayi akuponya maluwa, mabelu akulira. Kamba anakweza pepalalo ndi kamwendo kake. "Ana anu agona kunyumba chaka chino," anatero. Ngakhale ine ndinavina pang'ono, a Wadisoni, sindibisa.

Koma ndikuvina choncho ndinaona ulusi umodzi ukutuluka pakona pa kamwa ya nsato. Inali kuuyamwa mwakachetechete, maso ali chitsekere. Ulusiwo unkachokera pa chitenje chija. Mtsinje woyamba unasololoka n'kulowa m'kamwa. Minda inatsatira. Sitima yaing'ono ija inafika pamene njanji yathera, inaima, n'kuliza kabelu kamodzi.

Ndinathamangira kukhomo. Mayi Nasibeko anali chikhalire pa masitepe, atadziphimba ndi beseni lawo, thonje lozizira likuwagwera pamapewa. Sanali kulira ayi. Anandiyang'ana n'kunena, "Mwadula mowongoka, a telala. Dzanja lanu ndi labwino."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa chitonzo.

Ndiye ndinamva mphepo m'miyendo. Poyang'ana, buluku langa linali litayamba kufupika. Linafika m'mawondo, likukwerabe. Kumbuyo kwanga bilimankhwe ankakuwa kuti khungu lake likusoka, ndipo chigoba cha kamba chinkasololoka ngati juzi yakale, maina aja akugwa pansi limodzilimodzi.

"Zikutheka bwanji?" anafunsa kamba. "Ife si chitenje."

Makina anga anayankha ali pakhomo. "Mwaiwala kodi? Suti yanu, a Tcheya, inasokedwa pa ine. Jekete la a Jumbe pa ine. Mpendero wa mayiwa pa ine. Msika wonse umasoketsa kwa telala mmodzi, ndipo telalayo ali ndi mpukutu umodzi wa ulusi wakuda."

Nsato inatsegula diso limodzi. Tsopano inali itazungulira chipinda chonse katatu. "A telala," inatero mokoma, "khonde lanu lija lili ndi mthunzi wabwino. Ndingoikapo kamchira."

Ndinatola pepala lija pansi. "Iwe, unathera pa 'Chaka chotsatira.' Chinachitika n'chiyani chaka chotsatira?"

"Theka langa linakulungira zitumbuwa za munthu wina," linatero pepala. "Koma bwanji mukufunsa ine? Funsani agogo anu, si awo?"

Ndinacheuka, ndipo pakati pa anthu ovina aja pankadutsa lole yodzaza anyamata a kwathu kuno ovala khaki. Pakati pawo panali agogo anga aamuna, amene ndimangowadziwa pa chithunzi, ali mnyamata wosamera ndevu. Anapitadi ku nkhondo yachiwiri ija, mukudziwa. Anandibayibitsa, n'kufunsa, "Kodi uko tikupitaku n'kutali?" Lole inalowa mumvula ndisanayankhe.

Ndiye ndinalumphira pa makina kuti ndibwezere mpendero. Ndinaika nsalu yotsalayo, kachidutswa kosakwana chikhatho, n'kuyamba kupalasa ndi mphamvu zanga zonse. Singano inkakwera ndi kutsika koma inalibe ulusi. Ndinapalasabe. Makina ankangolira kwii, kwii, kwii, mchira wa nsato ukukwera sitepe yoyamba ya khonde langa, kwii, kwii, kwii.

Ndinatsegula maso. Kunja kunali kutayera, ndipo kwii kwii uja ankamvekabe. Inali wilibala ya Mayi Nasibeko, ija ya tayala losowa mafuta, ikudutsa kuseri kwa nyumba yanga monga imachitira m'mawa uliwonse.

Ndinagwira miyendo, ndinapeza zonse zilipo. Ndinatuluka nditafunda bulangete.

"Mayi, mwadzuka bwanji? Lero 10 koloko mubwere ku msonkhano wa komiti. Akukambirana za malo anu. Kalata imene akufunayo ine sindilemba, ndipo ndikanena pamaso pa a Matchaya."

Anaimitsa wilibala, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mapazi opanda nsapato.

"A Tcheya akudziwa kuti mukundiitana?"

"Adziwira komweko. Akakuuzani kuti mipando yatha, mukhale pa wanga."

Anavundukula beseni, anatenga chitumbuwa chimodzi chotentha n'kundipatsa m'manja chopanda pepala.

"Ndibwera ndi mpando wanga," anatero. "Inu mukavale buluku."

Ndipo wilibala inapitiriza ulendo wa kumsika, kwii, kwii, kwii.