Mutu wa Mpopi wa a Tikambirane

Malemu a Tikambirane sankatha ngakhale kuyetsemula asanamve maganizo a anthu. Ngati mukuti ndikukokomeza, kafunseni akazi awo, nyumba yakumapeto pamdadada pathu paja. Msana wawo ndiwo mboni.

Matendawa anabwera ndi anthu a kafukufuku. Anafika ndi zikwama zakumsana kudzafunsa za vuto la madzi, n'kutikhazika mozungulira pabwalo. Lamulo lawo linali limodzi: wolankhula ndi yekhayo amene wagwira kampira. Enafe tinangoona ngati masewera a kusukulu ya mkaka. A Tikambirane anabadwanso mwatsopano.

Akafukufuku anapita ndi kampira kawo. Posakhalitsa mutu wa mpopi wathu unazuka, kachitsulo kopotokola potsegula madzi kaja, ndipo mwatsoka anautola ndi a Tikambirane.

"Bweretsani ndibwezerepo," anatero a Kalipentala. "Ndi sikuluwu imodzi basi."

"Achimwene, mwalankhula musanagwire mutu."

"Mutu wanji?"

"Uwu. Tikambirane kaye: tibwezerepo wakalewu, kapena tigule mpopi wina?"

Basitu, mutu wa mpopi unasanduka kampira. Loweruka lililonse unkayenda dzanja ndi dzanja mpaka kutentha. Tsiku lina anthu anagwirizana ndithu kuti ubwezeredwe, koma a Tikambirane anafunsa modekha kuti, "Nanga tikaubwezera, odandaula adzagwira chiyani?" Nkhani inayambiranso pachiyambi. Nthawi yonseyi mpopi uli gwa, akazi awo akusenza zidebe kuchokera kumjigo wa kuseri kwa msika.

"Bambo, msana wanga watha," anadandaula mayiwo tsiku lina akutula chidebe.

"Mfundo yamphamvu imeneyo, mayi. Tiyeni tigawane m'magulu."

"Tilipo awiri m'nyumba muno!"

"Ndiye kuti magulu awiri."

Gulu la mayiwo linakakhala kukhitchini, ndipo tsiku limenelo gulu linalo silinadye.

Nanga za wakuba uja? Anamugwira masanasana akuanula zovala za a Telala pachingwe. Anthu akufuna kumuthidzimula, a Tikambirane anati naye ali ndi maganizo, n'kumupatsa mutu wa mpopi. Wakubayo anauyang'ana, anayang'ana geti, liwiro nawo! Akazi a Tikambirane anaimba nthungululu, poti tsopano mpopi watsopano ugulidwa basi. Koma a Tikambirane, munthu wa nyamakazi m'mawondo onse, anamuthamangitsa mpaka kudepoti. Anabwera ali wefuwefu, mutu uli m'manja, maganizo a wakubayo awamvanso. Akuti chingwe chathu chinali pafupi kwambiri ndi msewu.

A Tikambirane atamwalira, mayiwo anaupeza mutuwo m'thumba la jekete yawo, utasalala ngati sopo wotha. Analira pang'ono. Kenako, osafunsa munthu, anakagogoda kwa a Kalipentala. Sikuluwu imodzi, kupotokola kawiri, madzi phwaa! Ana anavina m'matope. A Telala anachapa ndi makatani omwe. Mayiwo anagona chagada pamkeka masana onse, msana ukuthokoza. Kunena zoona, pamdadada tinapuma.

Kungoti pampopi tsopano pali phokoso ngati pamsika. Aliyense amalankhula nthawi imodzi, ndipo amapambana ndi wa mawu aakulu.

Mmawa wina anthu akukanganirana mzere, a Mlonda anafika ndi kachigubu kawo. Iwowa ndi achibwibwi. "Ine ndi-ndi-ndima..."

"Mumafuna kutunga, tamva, dikirani!" anawadula a Telala.

A Mlonda anabwerera m'mbuyo ndi kachigubu kawo. Akazi a malemu aja anaima ndi chidebe m'manja. Anakumbukira kuti pamisonkhano yotopetsa ija, bamboyu akagwira mutu wa mpopi ankalankhula mpaka kumaliza, wina osawadula, amuna awo akugwedeza mutu ngati akumva nyimbo.

Anatseka madzi. "A Kalipentala, tandibwerekeni sikuludiraiva."

"Mayi, mwayambanso?" anthu anakuwa.

Mayiwo anazula mutuwo n'kuuika m'manja mwa a Mlonda.

"Lankhulani, bambo, musafulumire. Koma mukamaliza mubweze. Ndili ndi zochapa."