Puloti Yanga ya Mchenga Waulere

Lolemba

Sabata ino ndikuyamba kumanga. Zokambakamba zatha.

Chomanga: sitolo kutsogolo, chipinda chosungira mbatatesi kumbuyo, kakhonde ka simenti. Mbatatesi zatopa kugona nafe kuchipinda, ifenso tatopa nazo. ANangozo, mayi akunyumba, akuti masiku ano akamalota amadziona ali m'thumba.

Puloti yanga ili m'tsinde mwa phiri, kuno ku Boma. Yosalala ngati tebulo, pamene anzanga onse akuvutika ndi potsetsereka. Ndinagula mu Ogasiti, kuli gwa. Ndiye mchenga wake! Woyera, wosefeka kale, uli pompo. Ena amaitana lole kukatenga mchenga kumtsinje, ine ndimangowerama.

Loweruka abale a ku Champiti akubwera ndi mapiki kudzakumba maziko. Chimera cha thobwa chili kale padzuwa.

Chatsala n'chilolezo basi. Ndili ku khonsolo ndi pulani yojambula ndekha, ine wosapita ku sukulu ya umisiri. Mayi wa mapulani, msinkhu wa mwana wanga woyamba, akuiyang'ana, akuitembenuza.

"Yabwino, bambo. Koma madzi a mvula adzapita kuti?"

Ndikuti kumunsi, mayi. Chibadwire sindinaonepo madzi akukwera phiri.

Sakuseka. Akuti popanda njira ya madzi chidindo palibe, ndipo Lachisanu abwera kudzaona okha. Mtima wanga wayamba kale kuwira. Ndikufuna kuwauza kuti mvula inayamba kugwa khonsolo isanabadwe.

Koma atembenuza kompyuta. Abale! Phiri lonse lili m'menemo, lojambulidwa kuchokera kumwamba. Msewu waukulu, msika, denga lathu, ndi chimbudzi chathu chomwe, chopanda denga chija. Ndavula chipewa osadziwa. Puloti yanga ikuoneka ngati kachigamba koyera, ndipo pali timizere tambiri tokhotakhota tozungulira. Ndikufunsa kuti timizereto n'tachiyani.

"Tikusonyeza kutsika kwa malo. Mukatiyang'anitsitse."

Ndatiyang'anitsitsa. N'tokongola.

Mawa ndifolera chimbudzi.

Lachiwiri

Ngalande. Ndikukumba monga amakumbira aliyense paphiri pano: kuyambira kumtunda, kutsata malire, kukathera pa mpanda wa mnzako wakumunsi. Akafika pamenepo madziwo si akonso. Ndi mmene tinakulira.

Ndayeza ndi levulo ya malemu bambo, imene anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Levulo imeneyi sinanamepo.

Kuyesa tsopano. Wakabaza wabweretsa zigubu za madzi a pampopi. Ndikukhuthulira kumutu kwa ngalande, ndikuthamangira kumunsi kukawachingamira.

Sakubwera.

Ndikubwerera. Ayenda pang'ono m'ngalande mwanga, mwaulemu ndithu, kenako akhota, aboola m'mbali, adutsa pakati penipeni pa sitolo, alowa mumchenga. Zii.

Kenako mawu kuseri kwa mpanda. Mayi a Chisomo, oweta nkhumba, oyandikana nane kumunsi:

"Ndani akunyowetsa gaga wa nkhumba zanga?"

Atulukira m'khola mwawo! Pansi pa nthaka! Ndawayankha mosapsatira kuti nkhumba zawozo zinafunika kusamba kalekale. Andiyankha zimene sindingalembe m'buku limene aNangozo amatha kutsegula.

Koma ndaima pamenepo nthawi yaitali, chigubu m'manja. Madzi awa ndi a mupaipi. Puloti ino sanaipondepo. Ayenda mumdima, opanda maso, osafunsa munthu, n'kukafika ngati akupita kwawo. Anawauza njira ndani?

Chimbudzi sindinafolere.

Lachitatu

Ndaimbira mayi wa mapulani. Ndawauza chilungamo chake, kuti madzi a kuno ndi amwano.

"Kumbani dzenje lomwetsa madzi, mudzazemo miyala. Azilowa pansi pang'onopang'ono pamalo anu omwewo, osapatsira anzanu."

Osapatsira anzanu! Chiphunzitso chatsopano chimenechi.

Ndikukumba. Zimene ndikupeza, kuyambira pamwamba:

mchenga
mchenga winanso
patapata mmodzi, wa kumanzere
mbale yadzimbiri
chikuto cha buku la nyimbo za kutchalitchi
mchenga
supuni, zitsekerero za mabotolo, nsagwada ya mbuzi
miyala

Miyala yake! Yobulungira, yosalala ngati mazira, ina yoyera, ina yabuluu. Palibe mmisiri angasalaze mwala chonchi, ngakhale atamupatsa chaka. Ndikuisisita, ndikuiika patsaya. Yozizira. Ndiye kuti ndi miyala yomwe sindigula. Puloti iyi ili ngati sitolo kale.

Chondidabwitsa ndi patapatayo. Munthu angakumbe mpaka m'chiuno kuti akwirire patapata mmodzi?

ANangozo abweretsa chakudya. Atola mwala umodzi, akuutembenuza.

"Inu, kwathu ku Mlangeni miyala yotere timaipeza kuti?"

Ndawauza kuti za kumanga azisiyire omanga.

Ndadya osamva kukoma. Ndikudziwa kumene timaipeza.

Lachinayi

Ndikukwera phiri. Ndikutsata kanjira kouma kamene kamalowa m'puloti yanga chakumtunda, kamene ndimati n'ka mbuzi.

Nyumba yoyamba: ngalande yawo yatsata malire, yakhota, yaloza kwa ine. Mwini wake akuti, "Athu ndi ochepa, achimwene. Ambiri ndi ochokera kumtundaku."

Nyumba yachiwiri: chimodzimodzi. Mawu omwewo, ngati anapangana.

Tchalitchi chatsopano, denga lalikulu ngati bwalo la mpira, malata okhaokha. Madzi onse amagwera m'ngalande imodzi ya simenti, yomangidwa bwino, ndikuvomereza. Yaloza kwa ine. Mkulu wa mpingo akuti, "Mvula ndi madalitso." Ndamuuza kuti madalitso awowo azisungako ena.

Nyumba yogona alendo, bwalo lonse anawaka simenti, palibe poti dontho lilowe. Kwa ine.

Kalavati ya pansi pa msewu, yoti munthu n'kulowamo chowerama. Ndasuzumiramo. Kumapeto kwake ndikuona zikhomo za malire a puloti yanga.

Ndakalipira anthu onse kuyambira kumunsi mpaka kumtunda. Mawu atha. Pamwamba palibenso womukalipira, pali thanthwe lokha ndi mphepo.

Ndatembenuka.

Mayo ine. Phiri lonse lili ngati chikhatho chotambasula. Makwawa, tinjira, ngalande za anthu, zonse zikutsika, zikukumana ziwiriziwiri, zikukula, zikukumananso. Palibe mmisiri anajambula zimenezi, koma palibe mzere wolakwika ngakhale umodzi. Ndipo pamene zonse zathera, pamkono penipeni, pali kachigamba koyera.

Ndakhala pansi.

Aliyense paphiri pano wachita zimene ndinachita ine Lachiwiri. Kungoti iwo ali ndi wakumunsi wowalandirira. Ine ndine wakumunsi wa onse, kupatula nkhumba.

Madzulo: wilibala. Ndikututa katondo kuseri kwa nyumba, ndikumwaza pamwamba pa mchenga, ndikusalaza ndi leki. Dzenje ndakwirira. Miyala ndabisa kuseri kwa nthochi za eni ake. Mayi uja akabwera mawa apeze puloti yofiira ngati ya wina aliyense.

Si bodza. Sindinena kanthu. Dothi lidzalankhula lokha.

Lachisanu

Mayi wa mapulani afika pa njinga yamoto, atavala majombo. Kunja kuli ng'a, koma iwo majombo.

Akuyenda pang'onopang'ono. Akuyang'ana phiri, akuyang'ana kalavati, akuyang'ana pansi. Ine ndatseka pakamwa, ndaluma ndi lilime lomwe.

"Dothi labwino ili, bambo. Lofiira bwino. Ndi la pompano?"

Pakamwa panga payankha ndisanapauze: lafika dzulo pa wilibala.

Zaka zonsezi ndakhala ndikunyadira kuti ine sindizungulira polankhula. Lero ndikanakonda kuzungulirako pang'ono.

Sanaseke. Apalasa ndi jombo, mchenga wayera poyera. Ndiye poti zayambika, ndanena zonse: zigubu, khola, patapata, tchalitchi. Ndakatenga ndi miyala yomwe kuseri kwa nthochi kudzawaonetsa. Atola umodzi wabuluu, akuti ndi wokongola. Tagwirizanapo chimodzi.

Chigamulo:

pakati pa puloti osamanga, ndi njira ya madzi
njirayo ikhale yotsegula, m'mbali ndiwake miyala
ndidzale udzu wa vetiva
chololedwa kumanga ndi pakona yakumtunda, pokwera paja
ndijambule pulani ina

Pakona paja! Pamene ndimati padzakhala mulu wa zinyalala!

Ndawauza kuti mvula ya chaka chino ichedwa, ndikumva m'mafupa. Ndawauza kuti maziko anga adzakhala akuya, madzi adzachita manyazi. Akwera njinga yawo.

"Musamange, bambo. Ndikupemphani."

Sindimanga. Ndikumba chabe. Kukumba si kumanga, afunse aliyense. Abale anyamuka kale ku Champiti, thobwa lapsa, ndingawabweze bwanji anthu ndi mapiki awo?

Loweruka

Afika m'mawa, alamu anga a Gasiteni patsogolo. Zingwe, zikhomo, mapiki. Mchenga ukukumbika ngati ufa.

"Alamu, puloti yofewa chonchi munaipeza bwanji?"

Ndikuti mwayi.

Pofika masana maziko onse atheka. Sindinaonepo okongola chonchi. Makona ali ndendende. Sitolo, chosungira mbatatesi, khonde, zonse zikuoneka pansi. Tikumwa thobwa titakhala m'sitolo, miyendo ili m'maziko.

Kumtunda kwada. Phiri lavala mtambo wakuda bii, koma kuno dzuwa likuwala. Ndikuuza anthu kuti imeneyo ndi ya kumtunda, si yathu.

Kenako phokoso. Ngati malole ambiri akutsika msewu opanda mabuleki. Nkhumba za mayi a Chisomo zayamba kulira. Mayiwo atsegula khola, akuzithamangitsira kumtunda ndi khasu, ndipo aka n'koyamba kundidutsa osanditukwana.

Tathawira pakona paja. Tonse, ndi ndowa ya thobwa yomwe.

Kalavati yalavula.

Ndilembe bwanji? Mutu wa madzi ukubwera ndi thovu, ukukankha zinyalala patsogolo ngati munthu wosesa. Sakuthamanga poyamba. Afika pa chingwe changa, alowa m'maziko. Ndipo akutsata pulani yanga! Adzaza khonde, akhota pakona, adzaza sitolo, akhota, alowa kosungira mbatatesi, akumana kumbuyo. Nyumba yanga yonse yajambulidwa ndi madzi, ikunyezimira padzuwa, mzere uliwonse wowongoka. Ndakuwa kuti taonani, makona ali bwino!

Kenako abwera madzi eni ake.

Ofiira, okwera mpaka m'chiuno, olira m'mimba. Nthaka ikunjenjemera m'mapazi. Zodutsa m'sitolo mwanga:

zitsononkho, zitsa, dzungu lathunthu
benchi la kutchalitchi
beseni, nkhuku ili momwemo, yaima chilili
chitseko cha chimbudzi cha munthu
katondo wanga yense
zikhomo, zingwe, wilibala

Miyala ikugubuduka pansi pa madzi, ikugundana, gu, gu, gu. Ndiye ndi mmene amaisalazira! Ndaona ndi maso anga fakitale yake.

A Gasiteni avula chipewa. Wina wayambitsa nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. ANangozo andigwira malaya kumbuyo, akuti ndikusendera kufupi kwambiri. Ine mkwiyo ndikuufuna, sindikuupeza. Phiri lonse, denga lililonse, dontho lililonse, zonse zapangana kudzadutsa pa malo anga. Ngakhale nduna sinalandirepo alendo ochuluka chonchi.

Mvula yeniyeni yatifika pambuyo, madzi atayamba kale kuphwa. Tanyowa tili chiimire.

Anthu onse alipo. Nkhumba zonse zilipo. Levulo inali m'thumba mwanga.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Sindinatsutse ulaliki, anthu mpaka kutembenuka kudzaona ngati ndikudwala.

Abale abwerera ku Champiti. A Gasiteni akuti nkhaniyi akaifotokoza bwino, ndisadandaule. Ndikudandaula.

Masana ndili kupuloti. Mchenga watsopano, woyera kuposa wakale, wosalala ngati palibe anapondapo chilengedwere. Wilibala yapezeka m'khola la nkhumba. Mayi a Chisomo akuti ndikaitenge ndikadzaphunzira kupereka moni.

Ndayeza pakona paja. Pakukwana kaokala: shelefu, mpando, ine. Ndikanenepa ndiye kuti mpando utuluke. Mbatatesi zikhalabe kuchipinda. ANangozo angoti, "Chabwino," n'kukasuntha bedi.

Pulani yatsopano ndajambula nditakhala pa mwala. Mawa ndipita nayo ku khonsolo, ndikafunsenso kumene amapeza vetiva. Ndikalankhula pang'ono.

Maziko ambiri akwiririka, koma a kumbuyo atsala, odzaza madzi. Adikha, ayera mbee, mitambo ikuonekamo. Ndikuyang'ana, osatopa.

Kumbuyo kwanga, "Odi." Amayi awiri a kumtunda, mabeseni a zovala pamutu, sopo m'manja.

"Pepani bambo, tingachape nawo pamtsinje panupa?"

Ndatsegula pakamwa kuti ndiwauze mawu. Ndayang'ana phiri.

Ndawauza kuti achapire cha kukhonde kuno. Kosungira mbatatesi n'kozama.