Voti ya Malemu Pruitt Ikadali m'Envelopu

Kwa Olemekezeka Phungu Wathu Wopambana Koma Wosalumbira,
Chigawo cha Chisanu ndi Chinayi,
Kudzera m'nyuzipepala ya Harlow Creek, popeza foni ya ku ofesi kwanu imayankhidwa ndi nyimbo.

Olemekezeka,

Ndikulemba nditavula chipewa, podziwa kuti munthu waulemu wanu sayenera kuvutitsidwa ndi anthu akufa. Dzina langa ndine Orville Pruitt, wa zaka 71. Ndakonza mapaipi a madzi m'tauni muno zaka makumi anayi, ndipo malinga ndi boma ndinamwalira pa 3 Seputembala chaka chatha. Sindinamve kupweteka kulikonse. Tsikulo ndinali kutchetcha udzu kuseri kwa nyumba. Uthenga wa maliro anga unandipeza patatha milungu iwiri ndikudya mazira, m'kalata yopepesa mkazi wanga Lorene. Amene anatsamiradi mkono ndi Orville Pruett wa kutsidya kwa mtsinje. Iye ndi wa E, ine ndine wa I, koma ku ofesi ya boma yosunga maina chala cha wina chinaterereka pa kompyuta. Ndamva kuti mnzangayo, ali m'manda choncho, amuitana kukathandiza kuweruza milandu kukhoti mwezi wamawa. Ndikumufunira zabwino zonse.

Ndisanadandaule, ndiyambe ndi kukuyamikirani. Chimwalirireni phungu wathu wakale mu Okutobala (iyeyo anamwalira zenizeni, tinamuona m'bokosi), mpando wathu ku Nyumba ya Malamulo ku Washington wakhala wopanda munthu. Pa chisankho chapadera chija cha kumayambiriro kwa mwezi uno munagonjetsa mayi amene munapikisana nawo ndi voti imodzi. Imodzi yeniyeni, Olemekezeka, ndipo pokondwerera munati anthu alankhula mokweza. Ndikuvomereza. Pa anthu zana alionse, khumi ndi mmodzi ndi amene analimba mtima kutuluka m'chipale chofewa chija, ndipo mmodzi wa iwo ndinali ine malemu.

Pa tebulo lolandirira ovota panakhala Dolores Yoder, amene ndinaphunzira naye kalasi imodzi. Anayang'ana m'buku, n'kuyang'ana ine, n'kubwereranso m'buku.

"Orville, ukudzatani kuno? Buku langa likuti unafa."

"Ndauka kuti ndidzavote."

"Aaa iwe, usandivute, kukuzizira. Tenga pepala ili, ukachonga uike m'envelopu umu umate. Tidzaitsegula akadzakudzutsa."

Envelopu imeneyo ndi yokhayo m'chigawo chonse imene sinatsegulidwe. Ngati ndinavotera inu, mwapambana ndi ziwiri. Ngati ndinavotera mayi aja, mwafanana mphamvu, ndipo lamulo lathu likuti maina anu awiri aikidwe m'mbale wina atole limodzi atatsinzina. Pakadali pano ili m'kabati yokhoma ku ofesi ya zisankho, pafupi ndi tsache. Tsopano lolani kapolo wanu afotokoze zimene akuthokoza.

Choyamba, ndithokoze akatswiri a pa kanema, aja amaima pakhoma la mapu n'kumalitosa ndi chala mpaka mudzi wathu utakula kuposa nyanja. Zaka zonsezi ndinkadziyesa wokonza mapaipi, osadziwa kuti ndine chizindikiro. Wina anati voti yanu imodziyo ikusonyeza kuti anthu akumidzi amufulatira Pulezidenti ndipo pa chisankho chachikulu cha mu Novembala chipani chake chidzakokoloka. Nditasintha siteshoni ndinapeza wina akuti voti yomweyo ikusonyeza kuti anthu akumidzi amamukonda Pulezidenti kuposa amayi awo. Mphunzitsi wina wa ku yunivesite, wandevu zosamalidwa bwino, anati okalamba omwalira ndi gulu limene zipani zonse zalinyalanyaza kwa nthawi yaitali. Popeza ku Washington zipani ziwirizi zangosiyana ndi mipando iwiri, akuti lamulo la misonkho, nkhani ya asilikali ndi ulemu wa dziko lathu pamaso pa mayiko ena zonse zikudikira kabati ija.

Lachiwiri lapitali mtsikana wina wochita kafukufuku anandiimbira foni. Anati, "Bambo, monga munthu womwalira, mukuona kuti dziko likuyenda bwino, likuyenda moipa, kapena simukudziwa?" Ndinayankha kuti sindikudziwa. Madzulo ake pa kanema analengeza kuti akufa onse amene anafunsidwa sanaganizebe mbali yoti atsate.

Chachiwiri, ndithokoze maloya. Chipani chanu chaka chatha chinkalalikira kuti voti ya munthu aliyense ndi yopatulika, koma lero chikupempha khoti kuti envelopu yanga itayidwe. Chipani cha mayi aja chinkafuula kuti mizukwa ikuvota, koma lero chikundikumbatira pamaso pa makamera. Kukhoti ndinapita nditavala jekete la kutchalitchi. Loya wanu, Bambo Stroud, atanena kachitatu kuti Orville Pruitt kulibe, ndinaimirira n'kutsokomola. Bamboyo sanatembenuke n'komwe. M'maso muli gwa anati, "Wolemekezeka woweruza, sitikukana kuti bambo ali kumbuyoko akutsokomola. Tikuti alibe pepala." Woweruza anandiuza kuti ndikhale pansi, chifukwa dzina langa silinali pa mndandanda wa mboni zamoyo.

Potuluka, loya wa mbali inayo anandikokera pambali n'kunong'ona kuti, "Madala, munavotera ife, eti? Tingodziwa kuti tikufera chiyani." Ndinamuuza kuti voti ndi yachinsinsi. Kuyambira pamenepo nayenso amandipatsa moni ngati akudutsa pamanda.

Chachitatu, ndithokoze dongosolo la boma lathu, limene lalukidwa bwino kwambiri moti madzi sangadutse. Ndinapita ku ofesi imene inandipha ija kukapempha kuti indidzutse. Ndinatenga nambala, n'kudikira maola atatu.

"Bambo, kudzutsa munthu kumatenga miyezi isanu ndi itatu," anatero mayi wa pawindo. "Koma ofesi ya phungu wanu ikatilembera kalata, milungu iwiri basi."

"Phungu tilibe, mayi."

"Ndiye kasankheni phungu."

"Ndinasankha. Ali m'envelopu."

"Wotsatira!"

Onani kukongola kwake, Olemekezeka. Envelopu siingatsegulidwe ndisanadzuke. Sindingadzuke msanga popanda kalata ya phungu. Phungu sangalumbire nkhani ya envelopu isanathe. Ndipo a Stroud akapambana, envelopu n'kutayidwa, inu n'kulumbira, kodi mudzalemba kalata yoti ndili moyo? Kutero kudzakhala kuvomera ndi dzanja lanu kuti munalowa m'Nyumba ya Malamulo potaya voti ya munthu wopuma. Choncho kuti inu mukhale phungu mwamtendere, ine ndiyenera kukhala wakufa mpaka nthawi yanu itatha. Pa ntchito yanga, paipi yotuluka m'thanki n'kubwereranso m'thanki momwemo tinkaitcha ntchito ya munthu woledzera, koma ine sindinaphunzire zamalamulo.

Chachinayi sindichithokoza, ndipo mundikhululukire kuti pano ulemu undithera pang'ono. Mtsempha wina wa mtima wanga watsekeka. Dokotala Lindqvist anaupeza mu Ogasiti, ndikadali wamoyo, ndipo anakonza zoti andichite opaleshoni. Koma inshuwalansi ya boma ya okalamba inatsekedwa tsiku limene ndinamwalira, ndipo kuchipatala akalemba nambala yanga, kompyuta imangowapatsa fomu ya kumochale. Tsiku la opaleshoni lasunthidwa katatu. Sabata yatha dokotalayo anavula magalasi n'kundiuza kuti, "A Pruitt, sindikunamizani. Mtima uwu sungadikire kupitirira mwezi wa Malichi." Lero ndi pa 26 Febuluwale.

Makwerero a m'nyumba mwanga, amene ndinakhoma ndekha, sindithanso kukwera, moti bedi tinalitsitsira pabalaza. Miyezi yoyamba ija Lorene ankaseka nazo. Ankaitana kuchokera kukhitchini kuti, "Malemu, bwerani, khofi akuzizira!" ndipo ankandiopseza kuti monga mkazi wamasiye ali ndi ufulu wokwatiwa ndi aliyense wodziwa kutsuka mbale. Masiku ano nthabwala imeneyo anaisiya. Ndikaodzera pampando masana, ndimadzidzimuka dzanja lake lili pachifuwa panga, iye akunamizira kuti akukonza batani. Takhala m'banja zaka 46 ndipo sindinamuonepo akuopa chonchi. Inenso ndikuopa, Olemekezeka. Madzi afika m'khosi, ndipo ndasowa mtengo wogwira.

Koma sindinalembe kuti mundimvere chisoni, poti a Stroud anena kale kuti chisoni chilibe pepala. Ndalemba kuti ndikuchenjezeni, monga nzika yokufunirani zabwino, za chinthu chimene maloya anu onse asanu ndi mmodzi sanachione. Amene anachiona ndi Lorene, dzulo akusenda mbatata. Anaika mpeni pansi n'kunditembenukira.

"Orville, ukadzafa zenizeni, Dokotala Lindqvist adzalemba satifiketi, si choncho?"

"Adzalemba."

"Adzalembapo tsiku ndi ola."

"Eya."

"Ndiye pepala lija akufuna kukhoti ndi limenelo. Munthu womwalira mu Malichi ndiye kuti mu Febuluwale anali moyo."

Atatero anatuluka panja osavala chijasi, ndipo anakhalitsa.

Ndafunsa, ndipo Lorene akunena zoona. Lamulo lathu likuti voti ya munthu amene anali moyo tsiku lovota imawerengedwa. Satifiketi ya imfa yanga yeniyeni idzakhala pepala loyamba la chidindo cha boma lotsimikiza kuti ndinkapuma pamene ndinkachonga. Sipadzafunika miyezi isanu ndi itatu kapena kalata ya phungu. Kabati ija idzatsegulidwa sabata yomweyo, ndipo akatswiri a pa kanema adzatiuza tanthauzo lake ku dziko lonse.

Mukuona tsono, Olemekezeka, kuti envelopuyo itsegulidwa basi, mufune musafune. Chimene chatsala m'manja mwanu ndi chaching'ono kwambiri, ndipo ndikuchita manyazi kuvutitsa nacho munthu wotanganidwa ndi tsogolo la dziko. Lachinayi likubwerali khoti likumananso nthawi ya 10 koloko m'mawa. Ndidzakhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko, chifukwa kutsogolo n'kutali kwa ine masiku ano. Ndikugwada pokupemphani kuti mubwere nokha, muike zala ziwiri pamkono wanga, kenako muuze a Stroud zimene mwamva. Mukavomera pamaso pa woweruza kuti ndili moyo, iye asaina lamulo, ofesi ija indidzutsa, ndipo dokotala akuti chipinda cha opaleshoni chili ndi mpata Lolemba lotsatira. Mwina mudzapambana ndi ziwiri, mwina dzina lanu lidzalowa m'mbale. Sindikuuzani amene ndinavotera, chifukwa chinsinsi chimenecho ndi chinthu chokhacho chimene boma landisiyira.

Ngati kubwera kukuvutani, ndidzamvetsa. Dikirani milungu inayi yokha, mwina siikwana n'komwe, ndipo zonse zidzalongosoka popanda inu kunyamula cholembera. Pempho langa pamenepo ndi lakuti tsiku lotsegula envelopu mudzakhale pampando wakutsogolo, moyang'anizana ndi Lorene. Adzakhala atavala zakuda, ndipo wandilonjeza kuti adzabwera kudzamva nawo kuti mwamuna wake anasankha ndani kuti amuimire.

Ndine wanu wodzichepetsa, amene akupumabe popanda chilolezo,

Orville Pruitt (wa I),
Harlow Creek.