Mmene Ndinafufutira Malemu Bambo Chirwa

Pali zinthu zina zimene munthu umachita ndi mtima woyera, ukuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, osadziwa kuti ukupalamula. Nkhani iyi ndakhala nayo m'mimba miyezi isanu ndi itatu, ndipo anzanga a m'gulu lathu la mabuku aimvera pompano. (Amene mufune kunditukwana, dikirani kaye ndimalize.)

Gulu lathulo ndi la pa foni. Tilimo anthu ngati makumi awiri, ena kuno ku Kitwe, ena ku Ndola. Tinaliyambitsa kuti tizikambirana mabuku, koma buku timalikamba Lachisanu lokha. Masiku ena onsewa timakamba za magetsi, za BP ya apongozi, za mwana wa uje amene wakhoza mayeso. Ambiri sitinaonanepo maso ndi maso, koma ndimadziwa amene bondo likuwavuta ndi amene mwamuna wawo wasiya mowa kachitatu.

Wamkulu wathu ndi Mayi Chirwa a ku Kansenshi ku Ndola, namwino wopuma pa ntchito, amene amuna awo anamwalira zaka zingapo zapitazo. Makolo awo anachokera ku Malawi ngati anga. Mayi anga atagonekedwa m'chipatala chaka chatha, Mayi Chirwa ankanditumizira uthenga wa mawu m'mawa uliwonse, kundiuza zoti ndikafunse dokotala ndi kundikalipira ngati sindinadye. Titaika maliro sanaleke. Anayamba kunditchula "mwana wanga," ndipo ine, bambo wa ndevu zanga, ndinkadikira uthengawo ndisanamwe tiyi.

Mabuku ndi odula, ndiye tili ndi mwambo wa buku loyenda. Mwini wake amalikulunga m'jumbo, n'kupatsa kondakitala wa basi, wolandira n'kukalidikira pa siteshoni. Ukamaliza umapatsira wotsatira. Mayi Chirwa atalengeza kuti atulutsa buku limene sanabwerekepo munthu, ndipo kuti liyambira kwa ine, ndinayenda monyang'wa kwathu ku Mindolo konse.

Apa ndiulule matenda anga: sindipirira buku lakuda. Bambo anga anali kalaliki wa pa mgodi, ankasamba m'manja asanagwire ngakhale nyuzipepala, ndipo ine ndinatengera n'kuwonjezapo. Mabuku anga onse ndi ovekedwa pulasitiki. Tsamba likapindika pa ngodya ndimalisita. (Inde, ndi simbi yomwe ija ya malaya. Musandiyang'ane choncho.)

Bukulo linafika Lachisanu: lakale, lonenepa, la Chingerezi, nkhani ya banja lina lokanganira nyumba. Nditalitsegula mutu unandiwawa. M'mbali mwa masamba munali modzaza tizilembo ta pensulo topendekeka, ndipo pansi pake wina anali atalembanso ndi inki yofiira. Ndinati awa ndi ana asukulu basi, alowerera buku la amayi okalamba. Sindinawerenge ngakhale mzere umodzi, poopa kuti anawo andiululira mathero a nkhani.

Loweruka ndinagula zofufutira ziwiri zatsopano, n'kukhala pa khonde. Mkazi wanga, amene ndi Mbemba ndipo salankhula mozungulira, anaima pakhomo ndi tsache m'manja.

"Imwe bashi Mphatso, buku ya bene muifutila chani? Banakutumani?" (Mphatso ndi mwana wathu.)

"Adzandithokoza," ndinatero, ndikuuzira nyenyeswa.

"Awe mwandi," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Ndinagwira ntchito maola atatu. Za pensulo zonse zinachoka bwinobwino, tsamba ndi tsamba. Za inki yofiira zinandikanika, ndipo ndinadandaula kuti ntchito yanga yatsala theka. Kenako ndinalemba m'gulu kuti, "Buku lafika, ndipo lidzabwerera lili bwino kuposa mmene linabwerera." Anthu anandiombera m'manja ndi tizithunzi tija.

Lamlungu tikutuluka m'tchalitchi, foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa mawu wa Mayi Chirwa. Ndinauika kukhutu ndikumwetulira.

"Mwana wanga, ndinaiwala kukuuza. Bukulo tiwerenga atatu: iwe, ine ndi malemu bambo ako. Titangokwatirana iwo ankagwira ntchito masana, ine usiku kuchipatala, ndiye tinkangophonyana pakhomo. Iwo akawerenga ankalemba m'mbali ndi pensulo, ine ndikabwera ndinkayankha ndi cholembera changa chofiira cha kuntchito. Makalata awo anatayika posamuka. Dzanja lawo latsala m'menemo mokha. Usaseke kwambiri, anali munthu wamwano."

Ndinakhala pa mpanda wa maluwa a tchalitchi, ndipo mkulu wa mpingo wina anabwera kudzandifunsa ngati ulaliki wandikhudza. Ndinati wandikhudza kwambiri.

Munthu wanzeru akanaimba foni pomwepo. Ine ndinayankha kuti, "Zikomo amayi," n'kuwonjezera kachithunzi ka mtima.

Sabata imeneyo sindidzaiiwala. M'mawa uliwonse uthenga unkabwera. "Wafika pa tsamba 87? Waona nsanje ya bambo ako?" Ine n'kutumiza tinkhope toseka mpaka misozi, chikhalirecho thukuta lili kamukamu m'khwapa. Chakudya chinaleka kukoma. Foni ikangolira, ngakhale ndi uthenga wa kampani wotsatsa malonda, mtima unkagunda ngati wakuba nkhuku. Chimene ndinkaopa si kutukwanidwa ayi. Ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzadzuka, uthenga wa m'mawa uja osabwera.

Choyamba ndinathamangira pa khonde kukayang'ana nyenyeswa za chofufutira, ngati kuti mawu ndingawatole n'kuwamata. Mkazi wanga anali atasesa kalekale. Kenako ndinakumbukira nzeru ya kusukulu: ukapaka pensulo mopepuka pamene panalembedwapo, zilembo zimaonekera zoyera. Koma malemu a Chirwa anali a dzanja lopepuka ngati kalaliki weniweni. Nditapaka tsamba lonse ndinangopezamo "koma" mmodzi ndi kadontho. Tsamba linada bii. Polifufutanso linang'ambika pang'ono m'munsi.

Apa ndi pamene Satana anandikhalira paphewa. M'kati mwa chikuto chakumbuyo ndinapeza malo amene ndinawaphonya: malemu anali atalembapo "shuga, parafini, mabatire." Mawu atatu okha, koma dzanja ndi lawo. Masiku atatu ku ofesi, nthawi ya nkhomaliro, ndinkaphunzira kupendeketsa zilembo ngati a Chirwa. Anzanga ankaganiza kuti ndikulemba lipoti, pamene ine ndikudzaza mapepala ndi "parafini, parafini, parafini."

Nzeru yanga inali yakuti mayankho ofiira alipo, ndiye mafunso ndingawapeke. Pamene inki inati, "Nawenso!" ine ndinalemba pamwamba pake kuti, "Wokondedwa wanga, ndakusowa." Pamene inati, "Bodza, sindinatero!" ndinalemba kuti, "Unalonjeza kundiphikira nkhuku." Ndinafika tsamba 60 ndikudziona ngati mlembi wamkulu. Mkazi wanga anasuzumira paphewa panga, n'kuwerenga mokweza.

"Manje mwayamba kufunsila ba mayo ba bene mu dzina ya bakufa? Imwe, muzagwiliwa. Yendani chabe mukakambe."

"Maso awo ndi ofooka," ndinatero.

"Maso, ehe. Nanga mutu?"

Lachisanu wotsatira pa mndandanda, bambo wina wa ku Nkana West, anafunsa m'gulu kuti buku alilandira liti. Ndinazindikira kuti likangodutsa m'manja mwa anthu makumi awiri, makalata anga achikondi awerengedwa Kitwe yense. Ndinayankha kuti ndili ndi ulendo wa ku Ndola, ndiyamba ndakalionetsa kwa eni ake. Mayi Chirwa anasangalala zedi. Anati aphika masikono.

Mu basi ndinapemphera kuti tayala liphulike. Silinaphulike. Tinafika msanga kuposa masiku onse. Polowa mu Kansenshi ndinadutsa pafupi ndi mpanda wa ndende, ndipo ndinauyang'ana mwaulemu, ngati munthu woona nyumba imene akufuna kuchita lendi.

Mayi Chirwa anali aafupi kuposa mawu awo. Anandikumbatira pa geti, n'kunena kuti pa chithunzi ndimaoneka wonenepa, kodi mkazi wanga sakundidyetsa? Tinakhala pa balaza, tiyi ndi masikono pa tebulo. Ndinapereka bukulo ndi manja awiri, ndikuyembekeza kuti aliika pa shelefu. Iwo anavala magalasi, n'kulitsegula pomwepo.

Anatembenuza tsamba limodzi, lachiwiri, lachitatu.

"Wokondedwa wanga," anawerenga pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "A Chirwa, zaka 41 za ukwati, sananditchulepo wokondedwa. Ankanditchula Sisita, ngakhale tsiku la ukwati lenilenilo. Ndipo nkhuku sankadya, inkawatulutsa ziwengo."

Ndinatsetsereka pa mpando n'kugwada pa kapeti. Ndinaulula zonse, Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi zikuphatikizana, kuyambira zofufutira ziwiri mpaka parafini. Iwo sanandidule mawu. Anangotsegula pakati pa buku, kenako chakumapeto, kumene kunali mbali zoyera ndi inki yofiira yokhayokha.

"Zonse?"

"Zonse, amayi."

Anaimirira n'kupita kukhitchini. Ndinamva mpopi ukutuluka madzi nthawi yaitali, yoposa yotsukira kapu iliyonse. Ine ndili chigwadire, osadziwa ngati ndithawe kapena ndidikire. Ndinali ndi manyazi amene sindinakhalepo nawo chibadwire. Atabwerera maso awo anali ofiira, ndipo m'manja munali kope latsopano ndi pensulo.

"Chofufutira chija muli nacho, bambo a Mphatso?"

Sanati mwana wanga. Ndipo choipa kwambiri n'chakuti chinalidi m'thumba la jekete.

"Fufutani zanuzo. Pa ntchito imeneyi ndinu katswiri."

Ndinafufuta masamba makumi asanu ndi limodzi a chikondi changa iwo akundiyang'anira. Nditamaliza anandipatsa kope lija. Anati m'bukumo simulembedwanso kanthu ndi dzanja la munthu wina. Iwo aziwerenga mayankho awo ofiira, akakumbukira zimene malemu analemba azinena, ine ndizilemba m'kope pamodzi ndi nambala ya tsamba.

Tinayamba. Anaika chala pa "Nawenso!", n'kutsinzina.

"Apa anati, 'Mwamuna wa m'bukuli ndi chitsiru ngati mlongo wako.'"

Pa "Bodza, sindinatero!" anati, "Apa ankandinamizira kuti ndinasiya mbaula ikuyaka. Ndinaisiyadi, koma sindinavomere mpaka anamwalira."

Anaseka, kenako anapukuta m'maso, kenako anasekanso. Malemu analidi amwano. Ankatukwana wolemba buku, ankalosera mathero n'kulakwitsa, ankadandaula za bwana wawo ndi za mchere wochepa m'ndiwo. Mawu achikondi munalibe ngakhale amodzi, koma pa tsamba lililonse panali Sisita. Pofika cha m'ma 3 koloko tiyi anali atazizira kawiri, ndipo anandikalipira kuti, "Iwe, lemba bwino, dzanja lako likunjenjemera ngati la chidakwa." Sindinakondwerepo ndi chitonzo ngati tsiku limenelo.

Ndiye tinafika chakumapeto, tsamba 402. Pamenepo inki yofiira inangolemba liwu limodzi: "Inde." Pamwamba pake panali malo oyera aakulu, amene ndinawayeretsa ndi manja angawa.

Mayi Chirwa anatsinzina. Ndinadikira, pensulo ili m'manja. Anatsegula maso, n'kuyang'ananso tsambalo, n'kulipendeketsa cha ku windo.

"Linali funso lalitali," anatero. "Mizere itatu. Ndikukumbuka kuti ndinaliwerenga nditaimirira, yunifolomu ndisanavule." Anatsitsa bukulo pa miyendo. "Sindinavutike kulisunga m'mutu. Ndinkati lili m'buku."

Kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo sindinapeke kanthu.

"Siya mizere itatu m'kopemo," anatero. "Mwina lidzabwera."

M'gulu anangolemba kuti bukulo lakalamba, silithanso kuyenda pa basi, n'kutumizira bambo wa ku Nkana West lina. Za ine sananene. Lolemba m'mawa uthenga unabwera monga kale, kundifunsa ngati ndadya.

Kuyambira pamenepo buku la mwini ndimalibweza mmene labwerera. Likhale ndi mafuta a chitumbuwa, likhale ndi udzudzu wophedwera pakati, sindigwirapo. (Anga okha ndimasitabe. Munthu sachira tsiku limodzi.) Ku Ndola ndimapita kamodzi pa mwezi, ndipo tiyi akatha ndimatsegula kope lija mwakachetechete kuti ndione tsamba 402. Mwezi watha Mayi Chirwa anandipeza ndikusuzumira.

"Silinabwere, mwana wanga," anatero. "Koma chilichonse chimene anafunsacho, ndinavomera."